Flip-flop

M'Chingerezi, mawu akuti flip-flop amatsanzira kaphokoso, monga mmene ife timanenera kuti patapata. N'chifukwa chake amatanthauzanso nsapato za patapata. Koma kwa akatswiri a zamagetsi, flip-flop ndi kachipangizo ka matransisita kosunga biti imodzi: 0 kapena 1. Kali ndi mbali ziwiri zolumikizana mopingasa. Ina ikayaka imazimitsa inzake, ndipo zimakhala chomwecho mpaka chizindikiro chatsopano chidzazitembenuze. Kukumbukira kwake n'kumeneko.

William Eccles ndi Frank Jordan anakatulukira mu 1918 pogwiritsa ntchito mababu onga a m'mawailesi akale. Masiku ano, mu memore ya kompyuta yotchedwa SRAM, flip-flop yosunga biti imodzi kawirikawiri imatenga matransisita 6. Magetsi akangothima, zonse zimaiwalika.