Amayi Amene Mbiri ya kwa Mponda Siiwatchula

Mu 1936 Margaret Mitchell wa ku America adatulutsa buku lachikondi lotchuka, Gone with the Wind. Bukuli limalirira Scarlett O'Hara, mwana wa mwini munda wa thonje ku Georgia, amene chuma cha kwawo chidathera m'nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Akapolo olima thonjelo limawaonetsa ngati anthu okhutira ndi goli lawo.

Ifenso kuno kunyanja timafotokoza mbiri yathu mofananamo. Tikamakamba za Mponda timatchula minyanga ya njovu, maulendo a ku Kilwa ndi kufika kwa Chisilamu. Timakumbuka kuti David Livingstone adafika pamudziwo mu 1866, kuti Harry Johnston adamanga linga la Fort Johnston tsidya la Shire mu 1891, ndiponso kuti Mponda adagonja mu 1895. Amayi ogwidwa pankhondo sitiwatchula.

Komatu iwowa ndiwo adakuza midzi ya mafumu. Mwa Ayao mwana amatsata kuchikazi, motero ana a mkazi mfulu ankakhala a mbumba ya malume awo. Mdzakazi analibe mlongo womuyankhulira, ndipo ana ake ankatsala kwa mbuye wake. N'chifukwa chake mafumu ankakonda kusunga akazi, amuna n'kuwagulitsa kunyanja yamchere. Amayiwa adalima, adasinja, adabala, ndipo ena mwa ife ndife zidzukulu zawo.

Qur'an, mu Surat Al-Balad, imaika kumasula kapolo pakati pa ntchito zolemera zofunika kwa wokhulupirira. Choncho tikamapempherera makolo athu, tiziwaikamo mu dua agogo awa amene ngakhale mayina awo sitiwadziwa.