Masuku, Maula ndi Makoko a m'Thengo la ku Kachebere

Adzukulu anga, pamene ansembe a White Fathers ankatsegula mishoni ya Kachebere m'chaka cha 1903, boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning ndipo Chipata anali Fort Jameson. Dera lonselo linali thengo la mitondo ndi mombo. Ngakhale seminale itamangidwa mu 1939, mwana wopita kukatola nkhuni sankatenga kamba, pakuti thengo ndilo linkamudyetsa.

Ife tinalidziwa thengolo ndi makutu tisanalidziwe ndi maso. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, makoko a mitondo ankaphulika kuti thwa! thwa! n'kumwaza njere kutali. Agogo akamva zimenezo ankati makasu akhale pafupi. Makoko a chitimbe tinkawatafuna chifukwa cha kuwawasa kwake, ndipo ouma ankatilirira ngati maseche. Njere za msambamfumu, zakuda zovala kachisoti kofiira, atsikana ankazitunga mkanda.

Koma mafumu a thengo anali msuku ndi muula. Masuku ankapsa chakumapeto kwa chaka, nkhokwe zitayamba kupepuka. Lamulo la agogo anga linali lakuti suku lakupsa limagwa lokha, ndipo mwana waulemu amatola pansi. Osapsa tinkawavundika m'dzenje, n'kuwafundika masamba kwa masiku angapo. Woponya miyala mumtengo ankadzudzulidwa ngati waba m'munda mwa mwini, chifukwa anali kudya za anzake obwera mawa.

Muula unali ndi chakudya chawiri. Tikatha kudya maula, njere yake yolimba sitinkataya. Tinkaiswa ndi mwala n'kudya tamafuta ta m'kati, ndipo amayi ankatisinja n'kutendera ndiwo mtedza ukasowa. N'chifukwa chake munthu potsegula munda ankagwetsa mitengo ina yonse koma muula ankausiya. Amene mumakonda mbiri dziwani izi: David Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, m'dziko limene lero ndi Zambia, Susi ndi Chuma anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo umene eni kumeneko amati mpundu. Umenewo ndi muula wathu womwewu.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene maesiteti a fodya anachuluka ku Mchinji ndi ku Kasungu. Zigafa zinafuna mitengo, minda inafuna malo, ndipo nkhwangwa ya munthu waganyu sinkasiyanitsa msuku ndi mtondo. Sindinyoza fodya ayi, pakuti ana ambiri amene ndinawaphunzitsa analipiriridwa sukulu ndi iyeyo. Ndimangodandaula kuti mwambo wosiya mitengo ya zipatso tinautaya popanda kukhalirana pansi. Lamulo la nkhalango la 1997 linapeza misuku yambiri itasanduka zitsa.

Paja akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Njala ya 2002 itavuta, m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, anthu kuno anadya madeya ndi zitsa za nthochi. Mayi wina wachikulire wa m'mudzi mwathu anali atasunga njere za maula m'dengu kuchokera chilimwe, monga ankachitira amayi ake. Anyamata ankamuseka potola. Mwezi wa Febuluwale anyamata omwewo ndinawapeza pakhonde pake, aliyense ali ndi mwala m'manja.