Lupanga la Guan Yu

Aliyense amene analowapo m'kachisi wa Guan Yu, ngwazi yankhondo yakale, m'dziko la China, kaya wamkulu uja wa ku Xiezhou m'chigawo cha Shanxi kumene kunali kwawo kwa ngwaziyo, kaya anangoona kafano kake pangodya ya sitolo ku Hong Kong, adzakumbukira kuti pambali pa munthu wa nkhope yofiira ndi ndevu zofika pachifuwayo pamaima chida chotalika kuposa msinkhu wa munthu, chimene eni dziko amachitcha guandao. Maonekedwe ake ali ngati chikwanje chachikulu chokhomedwa pa mtengo wautali: kumutu kuli chitsulo chotakata ndi chopindika, chokhala ndi kambedza kumsana kwake, ndipo kuthako kwa mpini kuli chitsulo china chosongoka, chimene chimathandiza kuti kulemera kusapendekere mbali imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti mwini dzinayo, Guan Yu, monga umboni wonse wa m'mabuku akale uonetsera, sanachigwirepo chidachi. Guan Yu anaphedwa m'chaka cha 220, atagwidwa ndi ankhondo a mdani wake Sun Quan. Ndipo Chen Shou, amene analemba mbiri ya maufumu atatu a nthawi imeneyo zaka makumi angapo pambuyo pake, posimba za nkhondo ya pa malo otchedwa Boma ya m'chaka cha 200, akuti Guan Yu anathamangitsa kavalo wake, nabaya kazembe Yan Liang pakati pa khamu la asilikali ake, namudula mutu, ndipo kubaya kotero ndi ntchito ya mkondo. Chithunzi cha lupanga la mpini wautalili chimapezeka m'buku lankhondo la Wujing Zongyao la m'chaka cha 1044, patapita zaka zoposa 800 mwiniyo ali m'manda. Amene analiika m'manja mwake ndiwo osimba nthano ndi ochita masewero, kufikira Luo Guanzhong, mlembi wa m'zaka za m'ma 1300, analikhazikitsa m'nthano yake yaitali ya maufumu atatu, nalipatsa dzina la chinjoka chobiriwira ndi kulemera kwa ma jin 82 pa muyeso wa ku China.

Tsono luso logwiritsira chidachi, monga aphunzitsi alisungira kufikira lero, lonse limabadwa m'kulemera kwakeko. Dzanja lamanja limagwira pafupi ndi chitsulo, lamanzere cha kuthako, koma manja awiriwo sakhala malo amodzi ayi, chifukwa amatsetsereka pa mpini pofuna kutalikitsa kapena kufupikitsa chida monga mdani wayandikira kapena wataya mtunda. Wophunzira woyamba kumene, pokhulupirira mikono yake, amanyamula ndi mapewa, ndipo asanateme kakhumi amakhala ali wefuwefu. Koma wokhwima adziwa kuti mphamvu imachokera kumapazi, nikwera m'miyendo, nizungulira m'chiuno, kotero kuti mikono ntchito yake n'kungolozera njira. Pali kutema kochokera pamwamba, kumene chitsulo chimagwa ndi kulemera kwake komwe. Pali kutema kokweza, kochokera pansi kulunjika m'mimba mwa mdani kapena mwa kavalo wake. Pali kusesa m'mbali, ndi kutchinga ndi mpini, ndi kukola mkondo wa mnzako pa kambedza kaja, ndi kugunda ndi thako pamene mdani walowa mkati mopyola chitsulo. Lamulo lomanga zonsezi ndi limodzi, lakuti chida chikangoyamba kuyenda usachiimitse, pakuti kuimitsa chitsulo cholemera chotero kumadya mphamvu yoposa kuchiyambitsa. N'chifukwa chake kutema kulikonse kumathera m'kuzungulira kumene kumabala kutema kotsatira, ndipo munthu amaoneka wotsata lupanga lake m'malo molitsogolera. Walira mvula walira matope: amene wafuna chitsulo chodula munthu ndi zovala zake zankhondo zomwe, wavomeranso kuti akaphonya, mbali yake yonse idzakhala pambalambanda kufikira chitabwerera.

Ankhondo enieni, amene ankawerenga mitembo nkhondo ikatha, sanali kuchilemekeza kwambiri. Qi Jiguang, kazembe amene anathyola achifwamba a panyanja m'zaka za m'ma 1560, anadzudzula mwamphamvu machitidwe onse ongokometsera maso, ndipo asilikali ake anawapatsa mikondo yaitali, zishango ndi nsungwi zosasadza nthambi. Naye Mao Yuanyi, m'buku lake la Wubei Zhi la m'chaka cha 1621, ananena mosabisa mawu kuti lupangali n'loyenera kuphunzirira ndi kuonetsera chamuna, koma osati kulowa nalo pankhondo. Kwa iwo chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ine sindiona powatsutsira, pakuti munthu wozunguliza chitsulo chotere pamzere wothithikana ayamba wavulaza anzake asanafike kwa adani. Komabe ku Korea anachilandira pansi pa dzina la woldo, nachilemba m'buku lawo la Muye Dobo Tongji la m'chaka cha 1790, pamodzi ndi kagwiridwe kake pa kavalo.

Kumene chidachi chinapeza ufumu wake ndiko pabwalo la mayeso. Mayeso osankhira akuluakulu a asilikali anayambika m'chaka cha 702 mu ulamuliro wa mfumu yaikazi Wu Zetian. Ndipo m'masiku a mafumu a Qing, mnyamata wofuna udindo, atatha kuponya mivi ali pa kavalo ndiponso ali pansi, ankayenera kukoka uta wolimba, kunyamula mwala, ndi kuvinitsa lupanga lachitsulo chokhachokha la ma jin 80, 100 kapena 120, kulizunguliza kutsogolo kwa chifuwa ndi kumsana osaligwetsa pamaso pa oyesa. Popeza jin ya nthawi imeneyo inali pafupifupi magalamu 600, lupanga lalikululo linkaposa makilogalamu 70, ndiko kulemera kwa munthu wamkulu. Mayesowa anathetsedwa m'chaka cha 1901, mfuti za maiko akunja zitaonetsa kuti nyonga ya mikono siiteteza dziko.

Ku mudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, kumene kunachokera luso lomenyera la taijiquan la banja la Chen, amaphunzitsabe kagwiridwe ka lupangali pansi pa dzina la Chunqiu dadao, pokumbukira kuti Guan Yu ankakonda kuwerenga Zuo Zhuan, buku lomasulira mbiri yakale ya Chunqiu. Ndipo chenjerero lotchuka koposa pakati pa ogwira chidachi, lakuti munthu athawe mwachinyengo akukoka lupanga pansi kumbuyo kwake, ndipo wolondolayo akayandikira atembenuke mwadzidzidzi ndi kumutema, anthu amalidziwira m'nthano ya Luo Guanzhong, mmene Guan Yu anafuna kukolera nalo nkhalamba Huang Zhong ku Changsha, koma kavalo wa nkhalambayo anapunthwa msampha usanafwamphuke.