Msika wa pa Mlatho ku Zanzibar

Ife a ku Nkhotakota dzina loti Zanzibar tidalimva tili ana, ndipo tidalimva moopsa: kumeneko ndiko kunkathera anthu amene a Jumbe ankawaolotsa nyanja, kuwadzeretsa ku Kilwa. Tsono pamene ndidayamba kuwerenga mbiri ya mzindawu ndinkangofuna za msika wa akapolo, umene udatsekedwa mu 1873 Sultan Barghash atapanikizidwa ndi Angerezi. Pamalopo padamangidwa tchalitchi cha Anglican. Koma anzanga, msika umene wandigwira mtima ndi wina, wa zakudya.

Mzinda wa pa chilumba sukhuta ndi zolima zake zokha. Minda yambiri ya ku Zanzibar idadzalidwa mitengo ya zonunkhiritsa, kotero kuti mpunga unkachita kubwera pa zombo kuchokera ku India. Ukhondo nawo udali wovuta. Livingstone adadandaula za fungo la pa gombe mu 1866, ndipo kolera wa mu 1869 ndi 1870 adapulula anthu zikwizikwi.

Msika wa Darajani udatsegulidwa mu 1904, m'nthawi ya Sultan Ali bin Hamud. M'Chiswahili dzinali litanthauza "pa mlatho," pakuti pamenepo padali khwawa lolowa madzi a m'nyanja, lolekanitsa nyumba zamiyala za olemera ndi dera la Ng'ambo, ndiko kuti "tsidya," kumene kunkakhala amphawi ndi ambiri mwa akapolo omasulidwa. Ine ndiganiza kuti malowa sadasankhidwe mwangozi: fungo la nsomba likhale patali ndi bwana, koma wantchito wake asatope poyenda ndi dengu. Khwawalo adalikwirira pambuyo pake nkulambulapo msewu. Msika udatsala pomwepo, anthu nachulukirachulukira.

Vuto lenileni lili pa malonda opikulitsa. Nsomba zimagulitsidwa pa okushoni, ndipo popanda ayezi mtengo umatsika dzuwa likamakwera. Wopikula amadziwa zimenezi, choncho safulumira. Amene amaluza ndi msodzi, yemwe wachezera usiku wonse pa madzi. Ndidaziona ndi maso anga kwathu, amalume akugulitsa chambo motaya chifukwa chayamba kufewa.

Mzinda wakalewo udalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2000, ndiye kugumula kapena kukuza nyumba kumeneko si nkhani yapafupi. Malo atsopano otsitsirapo ndi kugulitsirapo nsomba, omangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ali pa doko la Malindi, pomwe ngalawa zimakocheza, osati ku Darajani.