Za Ndege Yakuda Imene Inalibe Mfuti

Itatha nkhondo yaikuru ya 1939 kufikira 1945, maiko awiri amphamvu, America ndi Russia, anakhala oopana. Lina liri lonse linali kusula zida mobisa, ndi kufuna kudziwa zimene linzace linasunga kuseri kwa malire. Cifukwa cace a ku America anapanga ndege zozonda, zosanyamula mfuti kapena mabomba, koma makina ojambula zithunzi okha.

Ina ya ndegezi, dzina lace U-2, inatama kukwera kwace. Koma pa 1 May 1960 a ku Russia anaigwetsa pafupi ndi Sverdlovsk, nagwira woyendetsa wace, Francis Gary Powers, ali wamoyo. Amisiri a Lockheed ku California, ndi mkuru wao Kelly Johnson, anali atazindikira kale kuti kukwera kokha sikudzapulumutsa munthu, pafunikanso liwiro. Anayamba ndi ndege ya A-12, imene inauluka mu 1962, ndipo pa 22 December 1964 inauluka mphwace, SR-71, imene anthu anaicha Blackbird, ndiko kunena mbalame yakuda.

Mdani weniweni wa amisiriwa anali kutentha. Tidziwa tonse kuti popeka mitengo iwiri moto ubuka. Momwemonso cinthu cothamanga katatu kuposa liwiro la mau cikhuzana ndi mpweya kufikira khungu lace litentha ngati ng'anjo. Aluminiyamu, citsulo ca ndege zina, ikadafewa. Tsono anasankha titaniyamu. Ndipo codabwitsa ndi ici, kuti miyala yace yambiri inagulidwa mobisa ku Russia komweko, m'maina a makampani ena.

Citsulo cikatentha cifutukuka. Motero amisiri analumikiza mbali zace mosiya timipata, kotero kuti ndege ikakhala pansi inali kudontha mafuta monga mtsuko wong'aluka. Mlendo akadati ici ndi cinthu coonongeka. Koma kumwamba, itatentha, timipata tija tinali kutsekeka. Anaipangira kumene idzagwira nchito, si kumene idzagona ai.

Mainjini ace awiri, ochedwa J58, opangidwa ndi Pratt & Whitney, ndiwo atizizwitsa koposa. Mafuta ace, JP-7, anali osayaka msanga, kuti angaphulike m'matanki otentha. Powayatsa anali kuthiramo mankhwala oyaka okha akakomana ndi mpweya, ndipo lawi lace linaoneka lobiriwira. Pakamwa pa injini iri yonse panali nsonga yonga ya mkondo, imene inali kubwerera m'kati mpaka mainchesi 26 ndege ikamaonjeza liwiro, kuti mpweya ulowe wofatsa ndi wopanikizika. Pa liwiro lalikuru mpweya wina unapyola m'mipope 6, kulambalala pakati pa injini, nukayaka kumbuyo. Nsonga ija ikalakwa pang'ono, injini imodzi inataya mphamvu mwadzidzidzi, ndege nigwedezeka kolimba, ndipo amuna awiri okhalamo anagunda mitu yao m'mbali.

Za liwiro lace, taonani. Pa 1 September 1974 inacokera ku New York kufika ku London pa ora limodzi ndi mphindi 55. Pa 28 July 1976 ina inathamanga mamailosi 2,193 pa ora, inanso inauluka mafiti 85,069 pamwamba pa dziko. Kuyambira 1968 zinali kunyamuka pa cisumbu ca Okinawa kukajambula za nkhondo ya ku Vietnam, ndipo pambuyo pace zinanyamukanso ku Mildenhall ku England. Adani akaiponyera mizinga, woyendetsa anangoonjeza liwiro, mzinga nutsala m'mbuyo. Zinapangidwa 32, 12 zinaonongeka m'ngozi, koma mdani sanagwetse ndi imodzi yomwe.

Kuisamala kunadya ndalama zambiri, ndipo makina ozungulira dziko kuthambo analanda nchito yace yambiri. Ankhondo anaipumitsa mu 1990, naibweza kanthawi mu 1995. Ulendo wace wotsiriza unacitika mu 1999. Lero zotsala zisungidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu zakale, ina ku Duxford ku England.

Tikakumbukira ndegeyi tisatame liwiro lokha. Masiku aja mphekesera imodzi yonama ikadatha kuutsa nkhondo yopululutsa mitundu ya anthu. Amuna aja anakwera opanda cida, nabwera nazo zithunzi, kuti akuru ao asaweruze ndi mantha okha koma ndi zimene maso aona.