Wakuba Ng'ombe Amene Sitinamuone pa Kanema

Aliyense amene anakulira ku Mgona, ku Kawale kapena kwa Chinsapo akukumbukira tinyumba ta vidiyo tija totchinga ndi ziguduli, momwe tinkalipira timatambala tathu n'kukhala mothinana pabenchi. Mafilimu a makauboyi ankatitenga mtima zedi. Munthu uja akatulukira pahatchi, kansalu kataphimba pakamwa, n'kuimitsa sitima ndi mfuti, nyumba yonse inkangoti mluzu okhaokha. Panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kodi ndalama zikutengedwazo n'zayani, nanga mwini wake wa ng'ombe zikukusidwa usikuzo adzuka bwanji m'mawa. Tonse tinali mbali ya wakuba.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti dziko lathu lino linakhalapo ndi munthu wa mtundu womwewo, m'zaka zomwezonso. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nkhani ya kwathu kuno eni ng'ombe tinali ife. Koma tisanafike kwa iyeyo, tiyeni tiyambe tamuona wa pakanema uja.

Dzina lake lenileni linali Robert LeRoy Parker, ndipo anabadwa mu 1866 ku Beaver, m'dera la Utah ku America. Anali chisamba m'banja la ana 13, banja losauka koma lopemphera. Ali mnyamata anakagwira ntchito pafamu ina komwe anakumana ndi Mike Cassidy, katswiri pa kuba ng'ombe ndi mahatchi, ndipo anam'gomera mpaka kutenga dzina lake. Atagwirako ntchito m'butchala ku Wyoming, anthu anayamba kumutchula kuti Butch Cassidy.

Nthawi imeneyo madambo a kumadzulo kwa America anali m'manja mwa makampani akuluakulu a ng'ombe. Chisanu choopsa cha 1886 mpaka 1887 chitapha ziweto zosawerengeka, abusa ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo ena mwa iwo anayamba kudya za eni. Cassidy anali mmodzi wa iwo. Mu Juni 1889 iye ndi anzake anathyola banki ku Telluride n'kuthawa ndi madola pafupifupi 21,000. Mu 1894 anapezeka wolakwa pa mlandu wa hatchi ya madola 5 okha, n'kugamulidwa kukaseweza zaka ziwiri ku ndende ya Laramie. Atatuluka mu 1896 anasonkhanitsa gulu lotchedwa Wild Bunch.

Pa 2 Juni 1899 gululi linaimitsa sitima ya kampani ya Union Pacific kufupi ndi Wilcox ku Wyoming, n'kuphulitsa ndi bomba bogi lonyamula ndalama. Mkulu wa apolisi amene anawalondola, Josiah Hazen, anawomberedwa n'kufa. Mu Ogasiti 1900 anachitanso zomwezo ku Tipton. Zinthu zitawatenthera, Cassidy ndi mnzake Harry Longabaugh anathawira ku Argentina mu 1901. Mu Novembala 1908 amuna awiri achilendo amene analanda malipiro a anthu a pamgodi anazingidwa ndi asilikali m'kamudzi ka San Vicente ku Bolivia ndipo anafera m'nyumba momwemo. Ambiri amakhulupirira kuti anali awiri omwewa. Mu 1969 nkhani yawo inasanduka filimu, ndipo basi, mbava zija zinasanduka ngwazi.

Tsopano tibwerere kwathu. M'chaka chomwecho cha 1899, pamene anyamata a Cassidy ankakonzekera kuphulitsa sitima, mzungu wina dzina lake William Ziehl anali pa mlandu ku Ekwendeni. Iyeyu analibe sitima yoti aimitse, paja njanji yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo ya kuno ku Kanengo inachita kufika mu 1979. Chuma cha nthawi imeneyo chinkayenda ndi miyendo inayi.

Kuti timvetse chimene chinabweretsa munthu ngati ameneyu, tiyenera kuyamba ndi mliri. Matenda a ng'ombe otchedwa rinderpest analowa mu Africa kudzera ku Eritrea cha m'ma 1887, n'kutsika pang'onopang'ono chakumwera. Anadutsa kumpoto kwa dziko lino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1896 anawoloka Zambezi. M'madera ambiri a kumwera, pa ng'ombe 10 zilizonse 9 zinafa. Komatu imeneyi inali nthawi yomwe azungu ankatsegula migodi ku Rhodesia. Ankafuna nyama yodyetsa antchito, ankafunanso ng'ombe zokoka ngolo. Mtengo unakwera kwambiri, ndipo maso a amalonda anatembenukira kumpoto kwa Zambezi, kumakola a Angoni komwe ziweto zinali zitayamba kuswananso.

Oyamba kuona zakuda anali Angoni a Mpezeni, kufupi ndi kumene lero kuli Chipata. Kampani ya North Charterland Exploration inkati dziko lawo ndi lake, potengera pepala limene Mjeremani wina, Carl Wiese, anali nalo. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera kuno kwathu, omwe ankalamulidwa ndi Angerezi, anawathira nkhondo. Mikondo ndi zishango sizinalimbe pamaso pa mizinga. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa. Mpezeni anasungidwa ku Fort Manning, kumene lero timati ku Mchinji. Ng'ombe zikwizikwi zinakusidwa, ndipo palibe amene anazitchula kuti zobedwa. M'mabuku a boma zinali zofunkha za kunkhondo.

Panatsala Angoni a kumpoto, a kwa M'mbelwa. Pamapu dziko lawo linali kale pansi pa Angerezi kuyambira 1891, koma kunalibe boma, kunalibe msonkho, kunalibe wapolisi. Ankalamulira anali Inkosi Chimtunga, mwana wa M'mbelwa amene anamwalira mu 1891. Azungu okha odziwika kumeneko anali amishoni a Livingstonia. Kwa munthu wadyera, dera lotere linali ngati nkhokwe yopanda mwini: ng'ombe zilipo, lamulo la azungu silinafike, ndipo eni ake angomva kumene zimene zachitikira abale awo kwa Mpezeni.

Ziehl analowa m'dzikomo ndi gulu la anthu amfuti ngati wogula ng'ombe. Koma kugula kwake kunali kwa mtundu wina. Ankalowa m'mudzi n'kutenga ziweto mwini wake afune asafune. Amuna ankamenyedwa, amayi ankachitidwa zachipongwe ndi gulu lake. Taganizani, abale, mtundu umene dzulodzulo unkanjenjemeretsa dziko lonse kuyambira ku Nkhata Bay mpaka ku Luangwa, lero ukuonerera mlendo mmodzi akutsegula khola dzuwa likuswa mtengo.

Kodi anali mantha? Ayi ndithu. Ankhondo a Chimtunga akanafuna, Ziehl sakanaliona tsiku lachiwiri. Koma akuluakulu ankadziwa msampha umene unalipo. Mu 1896 Inkosi Gomani wa Angoni a ku Ntcheu anali ataphedwa ndi atsamunda. Mu 1898 anali Nsingo. Kupha mzungu mmodzi kukanakhala kuitana mizinga, ndipo pobwezera ng'ombe zochepa akanataya zonse, pamodzi ndi ufumu womwe. Ziehl ankadziwanso zimenezi. Mfuti yake yeniyeni sinali ija ya m'chiuno ayi, koma asilikali a ku Zomba amene sanali kuoneka n'komwe.

Amene analimba mtima kuima naye maso ndi maso anali mphunzitsi wa mishoni, Daniel Mtusu Nhlane. Iyeyu asanagwire choko anali wankhondo, wa banja lodziwika la kufupi ndi Njuyu. Anapita kukamufunsa mzunguyo kuti mphamvu zolanda katundu wa anthu wazitenga kuti, ndipo kukambirana kwawoko kunathera m'chipolowe. Mbiri ya mphunzitsiyu inadzalembedwa ndi M'busa Donald Fraser m'buku la The Autobiography of an African, lomwe linatuluka mu 1925.

Fraser yemweyo, amene Angoni anamupatsa dzina loti Chisekeseke, ndi amene anathandiza kuti nkhaniyi isathere pa mikondo. Anali atangokhala m'dzikomo zaka ziwiri kapena zitatu basi. Anasonkhanitsa madandaulo a anthu n'kuwafikitsa kwa akuluakulu a boma, ndipo boma linatumiza woweruza ku Ekwendeni. Angoni anabwera kudzapereka umboni. Ziehl anapezeka wolakwa, ndipo analamulidwa kulipira mapaundi 50 kapena kukakhala kundende miyezi 6, kuonjezapo chipukuta misozi kwa amene anawalakwira. Pambuyo pa mlanduwu boma linakhazikitsa lamulo loti mzungu asamagule ng'ombe kwa anthu akuda popanda chilolezo.

Kodi mapaundi 50 zinali ndalama zingati? M'madera amene boma linkatolera msonkho nthawi imeneyo, nyumba iliyonse inkapereka mashilingi 3 pachaka. Ndiye kuti chindapusa cha Ziehl chinali chofanana ndi msonkho wa nyumba zoposa 300. Kwa munthu wa kumudzi chinali chuma chosalotedwa n'komwe. Koma tikayang'ana mbali inayi, chilangochi chinali chopepuka. Cassidy anagona m'ndende chifukwa cha hatchi imodzi ya madola 5. Gomani ndi Nsingo analipira ndi moyo. Ziehl, amene anavutitsa midzi yathunthu, anapatsidwa mwayi wopisa m'thumba n'kumapita.

Ngakhale zinali choncho, tisachepetse zimene zinachitika ku Ekwendeni. M'zaka zimenezo sichinali chinthu chamasewera kuti mzungu aimirire pabwalo, anthu akuda akumuloza chala, woweruza n'kuwakhulupirira. Anthu anaona ndi maso awo kuti mlandu ungathe kutha popanda magazi.

Ndiponso tisanamizane, ng'ombe zina zimene zinali m'makola a Angoni zinali ndi mbiri yawoyawo. Atumbuka, Atonga, Asenga ndi Achewa ankadziwa bwino kuti impi ikadutsa, khola limatsala pululu. Agogo athu a kuno ku chigawo chapakati ankamanga malinga ndi kubisala m'mapiri pothawa nkhondo zoterezi. Lamulo la nthawi imeneyo linali limodzi, lakuti wamphamvu ndiye mwini. Angoni analigwiritsa ntchito pa anzawo, kampani ya azungu inaligwiritsa ntchito pa Mpezeni, Ziehl nayenso anafuna kudyapo. Anangolakwitsa pochita yekha, popanda mbendera ndi ng'oma ya asilikali. Paja amati wakuba ndi amene wagwidwa.

Nanga mathero ake? Mlandu wa Ziehl unaphunzitsa mafumu kuti polimbana ndi alendo amfuti, chishango chawo chinali chitasanduka boma la atsamunda lomwelo. Panalinso zifukwa zina. Nthaka inali itaguga ndipo midzi inkasamukira kunja kwa malire akale, pamene anyamata anali atayamba kupita kutali kukafuna ntchito. Mu 1904 Alfred Sharpe anakumana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni konkuja, ndipo dziko lawo linalowa pansi pa boma popanda kulira kwa mfuti. Msonkho unatsatira. Mu 1915, Chimtunga atakana kupereka anthu a mtengatenga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anamuvula ufumu n'kumupititsa ku Chiromo. Bwalo limene linabweza ulemu wa eni ng'ombe mu 1899 linali khomo limene boma linalowera.

Lero mliri wa rinderpest kulibenso, unalengezedwa mu 2011 kuti watheratu padziko lonse. Koma kuba ng'ombe sikunathe. Funsani alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje, kapena a ku Mzimba komweko, akuuzani mmene zimawawira kudzuka m'mawa n'kupeza mipiringidzo ya khola ili pansi. Ng'ombe ndi fizi ya mwana, ndi ngolo ya kumunda, ndi malowolo, ndi ndalama ya kuchipatala. Ndipo ife a m'tauni, tikamagula nyama yotsika mtengo modabwitsa imene yafika m'bandakucha yopanda chidindo, sitisiyana kwenikweni ndi anthu a m'migodi ya ku Rhodesia aja amene sankafunsa kumene ndiwo yachokera.

Cassidy ali ndi filimu yake, mabuku ake, ndipo alendo amakaona kanyumba kamene anakuliramo ku Utah. Daniel Mtusu Nhlane, amene anasiya ana m'kalasi n'kukaima pamaso pa munthu wamfuti chifukwa cha ng'ombe za anansi ake, ana athu ambiri sanamvepo dzina lake. Tsiku lina mwana wanu akadzabwera kuchokera ku vidiyo akuyerekeza kuwombera ndi zala, mudzamukhazike pansi, mudzamuuze za ku Ekwendeni mu 1899, ndipo mudzamufunse kuti akanakhalapo akanaima mbali iti ya khola.