Kucokera ku dzombe la ku Mbala kufika pa ma drone: mbiri ya lamulo la mlengalenga

Ambiri a ife drone tinaidziwira pa ukwati, kanthu kolira ngati njuci pamwamba pa akwati. Lero kuli zazikulu zonyamula tanki ya mankhwala n'kupopera munda. Anzathu ena ayamba kale kuwerengera: kugula imodzi, kupita nayo ku Mkushi kapena ku Chipata, alimi azilipira pa hekitala. Asanatulutse ndalama, ndi bwino tidziwe kumene malamulo amene adzakumana nawo anacokera.

Kuteteza mbeu kucokera kumwamba si kwacilendo kuno kwathu. Kuyambira mu 1930 mpaka 1944, dzombe lofiira linasesa minda m'maiko ambiri a pakati ndi kum'mwera kwa Africa. Akatswiri atalilondola anapeza kuti limaswana m'madambo owerengeka, monga Mweru wa Ntipa kuno ku Zambia ndi cigwa ca Rukwa ku Tanzania. Mu 1949 maboma a nthawi imeneyo anakhazikitsa bungwe la International Red Locust Control Service, likulu lake ku Abercorn, kumene lero timati Mbala. M'zaka zotsatira ndeke zing'onozing'ono zinayamba kupopera dzombe m'madambomo lisanafike m'minda. Bungwe limene linalowa m'malo mwake mu 1970 lili ndi likulu ku Ndola masiku ano. Ndeke zimenezo zinali za maboma, oziyendetsa anali ocepa ndi ophunzitsidwa nthawi yaitali, ndipo malamulo analembedwera anthu otero.

Ndeke zopanda munthu mkati zinaganiziridwanso kale. Pangano la ku Chicago la 1944, limene ndi tsinde la malamulo a ndeke padziko lonse, linanena kuti ndeke yotere isauluke pamwamba pa dziko lililonse popanda cilolezo capadera ca dzikolo. Panthawiyo anthu anali pa nkhondo, za mlimi sizinali m'mutu. Ulimi unalowa m'zaka za m'ma 1980, pamene kampani ya Yamaha ku Japan inapanga kahelikoputa ka R-50 kopopera minda ya mpunga.

Ma drone atachipa n'kuyamba kugulitsidwa m'masitolo, maboma ambiri anacita mantha. India inaletsa anthu wamba kuwaulutsa mu 2014. South Africa inatulutsa malamulo ake mu July 2015, koma wofuna kucita bizinesi anayenera kukhala ndi laisensi ya woyendetsa, kulembetsa drone, kutenga setifiketi ya kampani ndiponso laisensi ya nchito za ndeke, ngati kuti akutsegula kampani yonyamula anthu. Amene anakwanitsa ndi makampani a ndalama. Ku Kenya malamulo a 2017 anathetsedwa ndi nyumba ya malamulo mu 2018, ndipo atsopano anabwera mu 2020.

Tizilombo sitinadikire mapepala. Kumapeto kwa 2016 mbozi za fall armyworm zinagwira cimanga cathu, mpaka Pulezidenti Edgar Lungu analamula Zambia Air Force kuti inyamule mankhwala kupita nawo m'zigawo. Ndeke zinafikitsa mankhwala, koma kumunda wopopera anali yemwe uja, mlimi ndi pampu yake kumsana. Mu 2020 dzombe la m'cipululu litalowa mu India, boma lija linali litaletsa ma drone linawalola kupopera, ndipo mu 2021 linafewetsa malamulo ake.

Ena anayamba ndi kuyesa, lamulo n'kulikonza poona zotsatira. Rwanda inalola kampani ya Zipline kunyamula magazi kupita kuzipatala kuyambira mu October 2016. Anansi athu a ku Malawi, pamodzi ndi UNICEF, anapatula dera ku Kasungu mu 2017 loyeserako ma drone, ndipo mu 2020 anatsegula sukulu yophunzitsa acinyamata nchito imeneyi ku Lilongwe.

Kuno kwathu wofuna kupopera ndi drone ali ndi makomo awiri ogogodapo. Loyamba ndi Civil Aviation Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2012 ndipo imayang'anira kulembetsa ma drone ndi malaisensi a owayendetsa. Laciwiri ndi ZEMA, imene imayang'anira mankhwala ophera tizilombo pansi pa lamulo la zacilengedwe la 2011. Makomo onsewa ali ndi cifukwa cake. Tanki ya drone ndi yaing'ono, conco mankhwala amasungunulidwa ndi madzi ocepa ndipo amatuluka ngati nkhungu. Mphepo ikaomba, nkhunguyo imatha kugwera pa repu wa mnansi, pa citsime ca mudzi kapena pa ming'oma ya njuci. Drone yosocera pafupi ndi bwalo la ndeke ingaphetse anthu. Amene amati lamulo ndi lopanda pake sanaonepo dimba la amake litapsa ndi mankhwala a munthu wina.

Komabe mbiri yationetsa kuti lamulo lolembedwera ndeke za ku Mbala likavekedwa pa wacinyamata wa drone imodzi limamukulira. Mapepala akadula kuposa makina, otsala m'bwalo amakhala a mafamu aakulu okha, ndipo mlimi wa mahekitala awiri amapitiriza kupuma mankhwala ndi pampu kumsana. Ndiye cifukwa cake tiyenera kulankhula pamene malamulo akuunikidwanso: maphunziro a woyendetsa akhale a mtengo wofikirika, wopopera aphunzirenso za mankhwala ndi mphepo, ndipo gulu la alimi lithe kulembetsa drone imodzi yothandiza onse.

Kwa mnzathu amene ndalama zili kale m'thumba, akulu anati safunsa anadya phula. Yambani mwafika ku maofesi awiri aja, mumve mtengo wa mapepala, kenaka mukaone mtengo wa drone.